Pepala la Zala za Amuna Anga

Pamene ndinakwatiwa, amuna anga anali kale dalaivala. Ankayendetsa kanta, lole yaing'ono, ya munthu wina wamalonda wa pa Petauke boma, amene ankagula nshawa, chimanga ndi thonje m'midzi. Nyengo yogula mbewu ikafika, ankachoka m'mamawa n'kubwela madzulo fumbi lili m'nsidze, atazungulila ku Msanzala konse. Ine ndinali ndi makina osokela pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ndinkasoka mayunifomu a ana asukulu ndi mabulauzi a azimai a kutchalitchi. Makolo anga anachokela ku Katete kudzafuna minda, koma amuna anga anali a konkuno, Ansenga a ku Kalindawalo. Tinali ndi ana awili, onse aakazi.

Mowa ankamwa, ngakhale kuti sikunali kumwa kwa tsiku ndi tsiku. Ankamwa Loweluka, paukwati ndi pamalilo. Akamwa sankamenya munthu, ankangochuluka nkhani ndi phwete. Ankakonda kunena kuti mabotolo awili amawatsegula maso, msewu amauona bwino kuposa pamene kukhosi kuli kouma. Anzawo ankaseka, inenso ndinkaseka nawo. Kangapo konse ndinakwela nawo galimoto atamwa ndipo tinkafika bwinobwino, mwakuti ndinazolowela.

Tsiku limene zinthu zinasintha linali Loweluka, nyengo ya mphepo ndi fumbi, masukulu atatsala pang'ono kutsegula. Tinapita kumudzi kwawo kukaika mwala pamanda a apongozi anga aamuna. Mwini kanta anawalola kuti atenge galimoto tsiku limenelo. Kumbuyo kunakwela achibale okhala pa boma: alamu anga awili, azakhali awo ndi azimai a kwaya. Ana tinawasiya kwa aneba. Mapemphelo atatha, anthu atadya, azibambo anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi zidebe za mowa wamasese. Zimenezo sizinandidetse nkhawa. Koma ndinawaona amuna anga akupita katatu kuseli kwa nkhokwe, kumene msuweni wawo ankathila kachasu m'kapu ya pulasitiki.

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kufunsa za ulendo. Ndinawakokela pambali.

"Bambo, mwamwa kwambili. Tigone konkuno, tinyamuke mailo."

"Iwe, msewu uwu ndauyenda kangati? Ndingathe kuupita nditatsinzina. Kwela."

Sindinalimbikile. Ndinanena kamodzi kokha, ndipo ndinatsitsa mawu kuti alongo awo asamve. Pamakina panga panali mayunifomu osamaliza amene eni ake ankawafuna Lolemba, ndipo pansi pa mtima ndinkafuna kukagona kwanga. Ndinakwela kutsogolo, dengu la ufa lili pamiyendo.

Tisanafike pamsewu wa tala pali potsetseleka pamene msewu umakhota kulowela pa kamtsinje kouma. Patsogolo pathu panali munthu wa njinga, atamanga madengu awili kumbuyo. Ine ndinamuona tili kutali ndithu. Ndinkayembekezela kuti amuna anga achepetsa liwilo, koma ankandifotokozela nkhani ya kumanda, dzanja limodzi likuuluka m'mwamba. Pamene ndinkati "Njinga!" tinali titafika kale. Anakhotetsa, koma mbali ya galimoto inamugwila munthu uja. Ndinamva kulila kwa chitsulo, kenako kukuwa kwa azimai kumbuyo.

Munthuyo anagwela m'ngalande. Anali bambo wamsinkhu ngati wa amuna anga, atavala malaya a buluu ong'ambika paphewa. Mwendo wake wamanja unapindika pamene palibe bondo. Sanalile, ankangoti, "Njinga yanga ili kuti?" Lepu amene ananyamula anamwazika msewu wonse, ndipo mbuzi za pamudzi wapafupi zinabwela n'kuyamba kudya, palibe amene anaziingitsa. Amuna anga anamunyamula m'manja mwawo. Mwamwayi panadutsa galimoto ina yaing'ono imene inathamangila naye kuchipatala.

Anthu anachuluka msanga, ena ali ndi zibonga. Wina anaimbila foni apolisi. Pamene tinkadikila, alamu anga aakulu anatapa nshawa zaziwisi m'thumba la azakhali n'kuwapatsa amuna anga kuti atafune, fungo lichoke. Ine ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu.

Apolisi anabwela awili. Mmodzi anayamba kuyeza msewu ndi tepi. Winayo, mzimai wamfupi, anabwela pamene ndinali n'kugwada pafupi nane.

"Amai, ndinu amene munali kutsogolo? Chachitika n'chiyani?"

Sindinaganize. Mawu anangotuluka okha pamodzi ndi misozi.

"Ndinawauza kuti mwamwa, tigone. Ndinawauza ine."

Amuna anga anaima chapafupi, nshawa zidakali m'kamwa. Anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Wapolisi uja analemba m'kabuku kake. Anawatenga, ndipo kupolisi anawauza kuti apumile m'kachipangizo koyezela mowa. Kenako anapita nawo kuchipatala kukatenga magazi.

M'mawa mwake ndinawapititsila chakudya. Zala zawo zonse khumi zinali zakuda ndi inki, chifukwa anali atangowadinda kumene. Anazipukuta pa buluku, inkiyo osachoka, n'kudya choncho. Anandifunsa za ana. Anandifunsa ngati munthu uja ali moyo, ndinati ali moyo, ndi wa ku Nyampande, ali ndi dimba, ndipo madokotala akuti mwendo sadula. Za mawu anga aja sanatchule.

Kukhoti anavomela mlandu. Sipanakhale kukangana kulikonse. Woweluza anawelenga zimene anapeza m'magazi, anafotokoza za mwendo wa munthu uja ndi za anthu amene anali kumbuyo kwa galimoto, kenako anawalamula kukakhala kundende miyezi isanu ndi inayi, ndipo laisensi anailanda kwa nthawi. Titatuluka panja, apongozi anga aakazi anandiimika pansi pa mtengo, achibale onse akumva.

"Mkazi wanzelu amafunditsa mwamuna wake chitenge. Inu apongozi mwamuvula mwana wanga pamsewu, pamaso pa anthu."

Kuchokela tsiku limenelo alamu anga anasiya kubweletsa zovala zawo kuti ndisoke. Ndinkadziuza kuti ngakhale ndikanakhala chete apolisi akanamva fungo, chifukwa kachasu sabisika ndi nshawa. Koma sindinathe kudziwa zenizeni, ndipo mpaka lelo sindidziwa.

Ndinapita kamodzi kuchipatala ndi buledi ndi shuga. Munthu uja anali mtulo, mwendo uli ndi zitsulo. Mkazi wake anakhala pansi m'mbali mwa bedi. Nditadziwulula kuti ndine yani, anatembenukila kukhoma. Ndinaika thumbalo pansi n'kutuluka. Patapita nthawi akuluakulu a kwa amuna anga anapita ku Nyampande kukapepesa, ndipo anapeleka njinga yatsopano m'malo mwa yophwanyika ija. Ine sanandiuze kuti ndipite nawo.

Amuna anga anatuluka mvula itatha, ataonda, tsitsi litayamba imvi m'mbali. Mowa anausiyilatu. Sanalumbile pamaso pa munthu aliyense, anangosiya. Mwini kanta anali atapeza kale dalaivala wina. Makolo anga anatipatsa gawo la munda wawo ku Msanzala, ndipo amuna anga anayamba kulima thonje. Sanali mlimi. Manja awo ankachita matuza, ankasokoneza mankhwala opopela, ndipo galimoto ikamadutsa pamsewu ankaimika khasu n'kuiyang'ana mpaka fumbi litatha. Ankatha kudziwa pongomva kulila kwa injini kuti dalaivala wachedwa kusintha giya.

Nthawi itakwana laisensi anawabwezela. Anthu ankawaitana mwa apo ndi apo, dalaivala wawo akadwala kapena akapita kumalilo, tsiku limodzi kapena awili. Nchito yokhazikika sinapezeke. Pa Petauke aliyense ankadziwa nkhani yathu. M'nyumba tinkakhala mwamtendele, tinkapita limodzi kutchalitchi, koma nkhani ndi kuseka kuja zinatha. Zaka zisanu ndi ziwili zinadutsa choncho.

Tsiku lina abusa athu anabwela kunyumba ndi nkhani. Kachipatala kena ka mpingo kupitilila Nyimba kankafuna dalaivala wa ambulansi, munthu wachikulile, wosamwa, wodziwa misewu yafumbi. Abusa anali atawatchula kale amuna anga. Anapita kukayesedwa. Anabwela madzulo ndi phava la nthochi za pa Nyimba, akuseka ngati kale. Anandifotokozela m'mene anabwezela ambulansi chammbuyo pakati pa mitengo iwili osayang'ana kawili, ndi m'mene amai oyang'anila chipatalacho anaombela m'manja. Panali nyumba ya zipinda ziwili ya dalaivala. Ananena kuti khonde lake n'lalikulu, makina anga akwana.

"Atsala mapepala chabe," anatelo. "Akufuna kalata ya abusa, ya adokotala, ndi pepala la apolisi la zala."

Ndinafunsa kuti, "Pepala la zala? Nanga nkhani ija?"

"Nkhani iti? Ndinagwila ndende yanga yonse, sindinathawe ngakhale tsiku limodzi. Mlandu unatha."

Ankakhulupililadi zimenezo. Anapita kupolisi, anawadindanso zala, ndipo anawauza kuti mapepala apita ku Lusaka. M'masabata amene tinkadikila ndinawasokela malaya awili oyela a manja aatali. Ankawayesa pagalasi, ana akuwaseka.

Pepala linabwela. Analitsegula pakhonde la sitolo pamene ndinkasoka, n'kundipatsa kuti ndiwelenge chifukwa Chizungu ndinkachidziwa kuposa iwo. Linali pepala laukhondo, lachidindo. Pansi pa dzina lawo panali mzele umodzi wokha: khoti, mlandu woyendetsa galimoto atamwa ndi kuvulaza munthu, ndi miyezi ya kundende. Ndinawelenga m'Chizungu, kenako ndinamasulila. Anakhala pa benchi la makasitomala nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Ndiye kuti sichifafanizika?"

"Sindidziwa, bambo."

Anaganiza zopita nalo choncho ku Nyimba, akafotokoze ndi pakamwa pawo. Ndinawapelekeza. Tinakwela minibasi, kenako tinayenda wapansi mtunda ndithu. Amai oyang'anila chipatala anali munthu wachikulile wovala magalasi. Anawelenga pepalalo kawili, anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"A bambo, bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Ndinkaona ngati zinatha, amai. Zaka zisanu ndi ziwili sindinalawe ngakhale dontho. Abusa angachitile umboni."

"Ndikukhulupililani. Ine ndakukondani, ndipo mumayendetsa bwino kuposa onse amene anabwela. Koma sindilemba munthu ndekha. Pepala ili lipita kwa akuluakulu athu ndi kwa a inshuwalansi. Ambulansi imanyamula azimai oyembekezela. Akaona mawu awa andifunsa kuti ndinaganiza chiyani."

Analankhula mofatsa, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa akanakalipa. Pomaliza anati malowo awasunga miyezi iwili. Ngati pali njila yoti mzelewo uchoke, tikayese.

Tinayamba ndi kukhoti komwe anaweluzidwa. Kalaliki anafufuza m'mashelefu mpaka anapeza failo yawo, itafiila ndi fumbi. Anatiuza kuti iye alibe mphamvu yochotsa chimene woweluza analemba, ndipo palibe fomu yotele imene anaionapo. Anatilozela kwa loya wina amene ankabwela kuchokela ku Chipata masiku ena kudzathandiza anthu osauka mwaulele. Tinamudikila sabata ziwili. Anali mnyamata wamkulu ndithu, wolankhula msanga, ndipo pabenchi panali mzele wautali wa anthu a milandu ya minda ndi ya ana amasiye.

Anamvetsela, anayang'ana pepala, n'kufunsa, "Munavomela nokha mlandu?"

"Ndinavomela."

"Anakukakamizani?"

"Iyayi. Ndinamwadi."

"Ndiye palibe chodandaula kukhoti lalikulu, komanso nthawi yake inapita kalekale. Chimene ndikuona n'kulemba kalata kwa akuluakulu a boma yopempha chikhululuko. Muikepo kalata ya abusa, ndipo ngati n'kotheka, ya munthu amene munamuvulaza. Koma ndisakunamizeni, bambo. Sindingalonjeze kuti ayankha, ndipo ngakhale atayankha sindidziwa ngati zala zanu zingachoke m'mabuku."

Anatilembela kalatayo, n'kutilembelanso ina yaifupi yoti munthu wa ku Nyampande akasaine ngati angafune. Amuna anga anasunga mapepalawo masiku anayi. Chichitikile ngozi ija anali asanaonanepo naye maso ndi maso. Tsiku lachisanu anadzuka n'kuvala malaya amodzi mwa oyela aja.

"Tiye undipelekeze," anatelo. "Ndekha sindingathe."

Tinafika ku Nyampande dzuwa lili pamutu. Anthu anatilozela kudimba. Tinamupeza munthu uja atakhala pansi pakati pa mabedi a lepu, mwendo wamanja atauwongola, akuzula udzu ndi manja n'kumadzikoka chokhala. Ndodo yake inali pambali. Mkazi wake ankatunga madzi pachitsime ndi makeni awili. Njinga imene akuluakulu anapeleka ija inatsamila pa mpanda, itakalamba, mpando atautsitsa kuti ukwane mkazi.

Amuna anga anavula chipewa n'kugwada m'dothi lonyowa, malaya oyela ali pathupi. Analankhula m'Chinsenga. Anadzitchula kuti ndi yani. Munthu uja anati, "Ndakudziwani mukali pampanda. Ndinu amene munandinyamula." Anatiuza kuti tikhale pa chidebe ndi pa mwala. Mkazi wake anaika makeni pansi koma sanabwele pafupi.

Amuna anga anapepesa. Kenako anafotokoza za nchito ndi za kalata. Munthuyo anamvetsela akuzulabe udzu.

"Galimoto yake yotani?"

"Ambulansi, bambo."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ambulansi. Ine tsiku lija sindinaione ambulansi." Kenako anapitiliza. "Kukhululuka ndinakhululuka kale. Sindinachitile inu, ndinachitila tulo tanga. Zaka ziwili ndinkagona ndikukutukwanani, mwendo osawongoka, ndinatopa nazo. Koma pali chimodzi. Mwatha zaka zisanu ndi ziwili muli pa boma pomwepa. Simunabwele mvula yoyamba, simunabwele yachiwili. Mwabwela lelo chifukwa mukufuna dzanja langa."

"N'zoona," anatelo amuna anga. "Ndinkachita manyazi."

"Manyazi atha lelo?"

Munthu uja anapukuta manja pa buluku n'kunena kuti ndimuwelengele kalatayo. Ndinawelenga n'kumasulila: kuti iye wakhululuka, ndipo alibe chotsutsa kuti boma liwachitile chifundo. Anapempha cholembela. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, pepala lili pa bondo la mwendo wabwinowo, ndipo m'mbali munatsala dothi la chala chake.

Pamenepo mkazi wake anayandikila. Anali wowonda, mapewa ake atakhuthala ngati a mwamuna chifukwa cha makeni. Sanayang'ane amuna anga, anayang'ana ine.

"Amai, ndinamva kuti ndinu amene munauza apolisi kuti amuna anu anamwa."

"Ndine."

"Anthu kuno ankakutamandani, amati mzimai wachilungamo. Ine ndakhala ndi funso limodzi zaka zonsezi. Munadziwa kuti amwa. Nanga munakwelelanji? Mukanakhala pansi n'kukana, mukanabisa makiyi, kapena mukanakuwa pamaso pa abale awo, kodi akananyamuka?"

Ndinafuna kunena za mayunifomu, koma ndinaona kuti sindingatchule mayunifomu pamaso pa mzimai ameneyo. Ndinangoti, "Sindinalimbikile, amai."

"Eya. Amuna anu anakagwila ndende. Anga ndi awa mukuwaonawa. Ine ndi makeni. Inu pepala lanu ndi loyela."

Ananyamula makeni ake n'kubwelela kuchitsime. Mwamuna wake anamuitana kuti atipatseko lepu wa panjila, koma sanacheuke.

Pobwelela tinayenda mtunda wautali kufuna pokwelela galimoto. Maondo a buluku la amuna anga anali matope. Tili pakati pa minda ya thonje yokololedwa, anayamba kulankhula osandiyang'ana.

"Kundende ndinkakuda, iwe. Miyezi yoyamba ndinkati ndikatuluka ndikakubweza kwanu."

Aka kanali koyamba kuti atchule nkhaniyo. Ndinafunsa kuti, "Nanga bwanji simunandibweze?"

"Ndinkafuna mawu oti ndikauze ankhoswe. Ndikanati chiyani? Kuti wanena zoona?" Anayenda pang'ono. "Koma sindikunamize, mtima sunabwelele pamalo pake. Ndikakuona ndimaona tsiku lija. Si mlandu wako. Zimangotelo."

"Inenso ndikakuonani ndimaona tsiku lija," ndinatelo.

Tinaima pamsewu mpaka panabwela thilakitala imene inatitenga. Kuyambila pamenepo sitinakambenso za nkhaniyo.

Kalata tinaitumiza pamodzi ndi ya abusa ndi ya ku Nyampande. Amuna anga ankapita ku positi ofesi Lachiwili ndi Lachisanu lililonse. Miyezi iwili itakwana, amai a ku chipatala chija anaimba foni. Anapepesa, anati adikila m'mene akanathela, koma odwala sangadikile, alemba munthu wina. Amuna anga anathokoza mwaulemu, anatseka foni, n'kupita kukathilila mitengo ya mapapaya kuseli kwa nyumba. Ku positi anapitabe chaka chonse. Kenako anayamba kupita kamodzi pamwezi, kenako anasiya. Yankho silinabwele. Sindidziwa ngati kalatayo inafika, kapena inafika n'kukanidwa. Loya uja anasamutsidwa, ndipo amene anabwela m'malo mwake anatiuza kuti tikhoza kulembanso. Amuna anga anati sangapitenso ku Nyampande kukapempha dzanja kachiwili.

Mng'ono wawo wina ali ndi malo omatila matayala m'mbali mwa msewu waukulu pa Nyimba, pafupi ndi pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthochi. Anawaitana kuti azikathandizana. Akhala kumeneko zaka zinayi tsopano. Amagona m'kachipinda kuseli kwa shopu ndipo amabwela kunyumba kumapeto kwa mwezi. Sitinasiyane ukwati. Akabwela ndimawaphikila, amakonza chimene chawonongeka pakhomo, Lamlungu timapita limodzi kutchalitchi, Lolemba amabwelela. Ndinawauzapo kuti ndisamutse makina ndikakhale nawo, anati makasitomala anga ali pa Petauke, ndisawataye. Ndinamva chimene ankatanthauza ndipo sindinafunsenso.

Mowa sanabwelele. Madalaivala a malole amawadziwa ndipo amawakonda, chifukwa akamamata tayala amawauzanso chimene chikulila molakwika mu injini. Mng'ono wawo anandiuza kuti tsiku lina dalaivala wina anaima akununkha mowa masana, ndipo amuna anga anamasula tayala n'kukana kulibwezela mpaka munthuyo atagona maola angapo pansi pa lole yake. Panali phokoso lalikulu, dalaivala anawatukwana pamaso pa azimai a nthochi, ndipo sanaimenso pashopupo. Iwo sanandiuze nkhani imeneyi. Chaka chatha anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo maso ayamba kuchita chifunga. Laisensi itatha nthawi yake sanapite kukaikonzanso.

Ana athu anakula. Wamkulu ndi mphunzitsi ku Msanzala, wamng'ono akuphunzila unesi. Amadziwa kuti atate awo anamangidwapo, koma za ine amangodziwa mbali imene anthu amakamba, yoti ndinanena zoona kwa apolisi. Ya kumanda ija, yoti ndinanena kamodzi motsitsa mawu n'kukwela, ndinali ndisanawauze. Wamkulu ndinamuuza chaka chino tikusenda nshawa pakhonde. Anamvetsela mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Amai, nanga mukanatani? Masiku amenewo mkazi akanalanda makiyi pamaso pa apongozi?" Ndinati sindidziwa. Ndikudziwa azimai ena amene akanalanda.

Mzimai wa ku Nyampande uja masiku ano amabwela pa msika wa boma kawili pa sabata, madengu atamanga panjinga. Amakhala kumapeto kwa mzele wa ndiwo, ndipo njila yochokela pakhonde langa kupita kogula ulusi imadutsa pomwepo. Timapatsana moni. Ndimafunsa za abambo kunyumba, amati alipo, mwendo umavuta nyengo yozizila. Iyenso amafunsa za amuna anga, ndimati ali ku Nyimba. Ndiwo zake ndi zabwino kuposa za anzake, koma sindinagulepo. Ndimaima pang'ono, kenako ndimapitilila kukagula kwa wina, chifukwa sindidziwa ngati angakuone ngati kumuthandiza kapena kumunyoza.